Ndinakaikitsanso Windows 7 pa Dell yanga yakale ku Limbe, nazi zomwe ndinaona

Kompyuta yomwe ikundidyetsa pano ndi Dell OptiPlex 780, zakuda zija zokhala chogona zomwe zimabwera zambirimbiri kuchokera m'maofesi a kunja zitagwira kale ntchito. Mtundu umenewu unatuluka cha mu 2009, ndiye muwerengere nokha zaka zake, mwana wobadwa chaka chimenecho pano ndevu zayamba kale kumera. Ine ndili ndi kashopu kotayipa ndi fotokope ku Bangwe, ntchito zanga ndi ma CV, makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a maliro, makadi a chinkhoswe ndi ukwati, ma asayimenti a ana asukulu, nthawi zina malamulo a banki m'khonde amayi akabwera ndi kope lawo lothimbirira kuti tiwalembere bwinobwino. Zonsezi ndi Word ndi Publisher basi, palibe chachilendo.

Inayamba kudwala pang'onopang'ono. Ukayatsa umayenera upite kaye ukasese pakhomo, ubwere, uzipeza ikadali kuganiza. Word imangouma pakati pa ntchito kasitomala ali chiimire. Magetsi akathima n'kuyakanso deti imabwerera m'mbuyo zaka zambiri, ndiye kalata yomwe wasunga lero imaoneka ngati unailemba kalekale. Ine ndimangoti bola ikuyaka. Mpaka tsiku lina lolemba m'mawa, bambo ena abwera ndi kapepala ka pulogalamu ya maliro a mlongo wawo, mwambo ndi wa mawa lake, ndayatsa sikirini yangoti bii, timawu toyera pamwamba, BOOTMGR is missing, Press Ctrl+Alt+Del to restart. Ndinadina katatu konse, yankho lomwelo. Bambo aja ndinawaperekeza ndekha kwa mnzanga wa tsidya la msewu, ndalama ikupita ndikuiona.

Ndisananene za ashopu amene anandikonzerawa ndinene kaye chifukwa chomwe ndikukakamirira Windows 7, poti aliyense amene ndamufotokozera funso lake limakhala lomwelo, eti bwanji osangoika 10. Ndinayesapo amwene. Kamnyamata kena kakuno kanabwera nthawi ina ndi fulashi m'thumba, mphindi zosakwana ola kafomata kaika Windows 10 kalandira ndalama kapita. Kompyuta yanga nthawi imeneyo inali ndi RAM (memori yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito ikayaka) ya 2GB ndi hadi disiki yozungulira ija, moti kungotsegula foda kamagetsi ka disiki kamangoyaka osaphethira ngati ikupera chimanga. Choipa kwambiri sikana yanga yakale, yomwe madalaiva ake, timapulogalamu toilumikiza ndi Windows, ndi a 32-bit okha, inakaniratu, chifukwa iye anaika ya 64-bit osandifunsa kuti m'shopu muno muli zipangizo zanji. Sikana imeneyo ndi imene ndimapangira ma satifiketi a anthu ofunsira ntchito. Ndinabwerera ku 7 sabata yomweyo. Ndipo pano nkhani yoti 10 ndiye yotetezeka yathanso mphamvu, Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 October 2025, monga momwe inasiyira Windows 7 pa 14 January 2020 ndi XP pa 8 April 2014. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi pulosesa ya posachedwa, Core 2 Duo yangayi singayandikire n'komwe. Ndiye kwa ine kusankha kulipo ndi pakati pa nkhalamba ziwiri, bola yomwe ikudziwana ndi sikana yanga.

Shopu yake ili ku Limbe, pamwamba pa nyumba ina yakale, umakwera masitepe amdima n'kupeza kachipinda kodzadza malaputopu akufa osanjikizana mpaka pawindo. Chikwangwani chilipo koma chinafufutika, ine anandilozera ndi mnzanga wogulitsa mapepala. Mpando wa kasitomala ndi umodzi ndipo tsiku limenelo panali pulinta, ndinaima. Mwiniwake ndi bambo wachikulire ndithu, magalasi pamphuno, wosayankhulayankhula. Ndinafika nditanyamula kompyuta m'chitenje ngati mwana, ndikuti achimwene ndifomatireni msanga ndili ndi ntchito. Iwo osaigwira n'komwe, funso loyamba, "Mayi, muli chani m'menemu chomwe mukachitaya mulira?" Palibe amene anandifunsapo zimenezo chiyambire.

Anatsegula chivundikiro, fumbi lomwe linali m'katimo manyazi anandigwira, pa fani panali ngati thonje, ndi kangaude anamangamo nyumba pakona. Anachotsa hadi disiki n'kuilumikiza pa kompyuta yawo, anatsegula kapulogalamu kotchedwa CrystalDiskInfo, pomwe pamayenera kukhala pa buluu panali pachikasu polembedwa Caution. Anandiitana kuti ndione ndekha, akuti disiki ili ndi malo owonongeka ndipo yakhala ikusamutsa zinthu kuthawa malowo, ndiye tsiku lija malo oola anafika pomwe pamakhala mafayilo oyatsira Windows. Akuti ndikhoza kukufomatirani pa disiki yomweyi lero lomwe, mukasangalala mwezi umodzi kapena iwiri kenako mubwereranso mukunditukwana. Apa m'pamene ndinayamba kuwakhulupirira, chifukwa akanafuna akanangodya ndalama yanga kawiri.

Tinagwirizana kuti aike SSD, disiki ya mtundu watsopano yosazungulira, ya 128GB, awonjezere RAM ifike 4GB, asinthe kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo kaja, CR2032, komwe kamasunga deti ndi nthawi kompyuta ikazima. Kabatire kameneka ndi kamene kanandizunza chaka chathunthu ndipo mtengo wake sufika ngakhale wa nsima ya masana m'tauni, ndinadziseka. Za RAM anandichenjeza okha kuti poti tiika Windows ya 32-bit chifukwa cha sikana, pa 4GB ija kompyuta izidzaona zitatu ndi kakuti basi, kotsalako kangokhala, ndiye ndisadzaganize kuti andibera. Anandiuzanso kuti madoko a SATA, polumikizira disiki, a makinawa ndi akale, SSD siithamanga mphamvu zake zonse koma kusiyana ndidzakuona. RAM yoyamba yomwe anayesa kompyuta inaikana, inangolira ti ti ti sikirini osayaka, akuti ma 780 amasankha, ngakhale ndi DDR3 yomweyo amafuna ya mtundu wakale, anafufuza m'kabokosi kawo mpaka anapeza yogwirizana nayo.

Kuika Windows kwenikweniko ndi nkhani yaying'ono, ndinaonera. Fulashi yoikira Windows yokonzedwa ndi kapulogalamu ka Rufus, kuyatsa, F12, kusankha fulashi, Next Next, sipanathe theka la ola tili pa desikitopu. Kiyi anagwiritsa yomwe ili pa sitika ya pamwamba pa kompyuta yanga, Windows 7 Professional, anachita kuipukuta ndi kansalu n'kuijambula ndi foni kuti aone bwino zilembo poti zina zinayamba kufufutika. Ine zaka zonsezi ndimaona ngati kasitika kokongoletsa. Amene munaonapo sikirini itada n'kulemba pakona kuti This copy of Windows is not genuine mukudziwa chifukwa chake ndikutchula zimenezi. Disiki anaigawa pawiri, C ya Windows ndi mapulogalamu, D ya ntchito zanga, kuti tsiku lina Windows ikadzagwa ntchito zisadzapite nayo limodzi.

Chomwe chimadya nthawi ndi zobwera pambuyo pake, ndipo apa m'pamene pamasiyana munthu wodziwa ndi wongoyendayenda ndi fulashi. Windows 7 yongoikidwa kumene imakhala ngati munthu wogona kuyambira 2011 pomwe inatuluka Service Pack 1, ukaiuza kuti ifufuze ma update yokha imangozungulira pa Checking for updates mpaka dzuwa kulowa, bandulo ikutha. Bambowa ma update onse ali nawo kale pa disiki yawo yakunja, amaika pamanja motsatana. Anandionetsa lalikulu lina, KB3125574, lomwe linatuluka mu 2016 litasonkhanitsa zigamba za zaka zingapo pamodzi, ndi lina KB4474419 la mu 2019 lomwe popanda ilo mapulogalamu ndi madalaiva ena atsopano amakana kulowa chifukwa kasainidwe kake kanasintha kupita ku SHA-2. Manambalawa ndinawalemba kuseri kwa risiti ya minibasi, ndimakonda kudziwa chomwe ndikulipira. Madalaiva anatengera Service Tag, nambala ya Dell yomwe ili pa kompyuta, mu Device Manager munali tizizindikiro tiwiri tachikasu, PCI Serial Port ndi kena, akuti timeneto ambiri amangotisiya poti kompyuta imagwirabe ntchito, koma iwo anatimaliza.

Tsopano zoipa zake, poti zilipo. Anati ndibwere lachiwiri madzulo. Lachiwiri ndaimba akuti disiki yakale ikukopa pang'onopang'ono ikafika poola imaima. Chabwino, zimenezo ndinamvetsa. Lachitatu akuti magetsi kunalibe tsiku lonse. Lachinayi foni osayankha mpaka madzulo, n'kudzandiuza kuti anapita kukagwira ntchito ina ku ofesi ina m'tauni. Ndinaitenga lachisanu. Masiku asanu shopu ikungodalira fotokope, ndipo munthu akanangonditumizira uthenga umodzi sindikanakwiya chonchi. Risiti sanandipatse mpaka nditachita kufunsa, ndiye anang'amba pepala la mu kope n'kulemba pamanja.

Koma chomwe chinandiwawa kwambiri ndinachiona nditafika ku Bangwe. Kompyuta ikuyaka ngati foni, masekondi ochepa uli pa desikitopu, ndinakuwa ndekha m'shopu. Mafayilo anga onse ali pa D, Documents, Desktop, zithunzi, zonse. Office 2010 ilipo, sikana ikugwira. Ndatsegula khadi ya ukwati yomwe ndinasiyira pakati, zilembo zopindikapindika zija zonse zasanduka zowongoka ngati kalata ya ku khoti. Mafonti anga omwe ndakhala ndikutolera zaka ndi zaka kulibe. Ndatsegula Word kuti ndilembe dzina la dziko lathu momwe agogo ena a ku mpingo amafunira, ndi kachipewa pa w, Malaŵi, ine ndinakonza kalekale kuti ndikalemba ww izisanduka yokha ŵ, ndalemba ww yangokhala ww. Mayina onse a Chichewa omwe ndinawaphunzitsa kompyuta kuti isamawadule mzere wofiira abwereranso ofiira, tsamba lonse la pulogalamu ya maliro ngati mphunzitsi wachonga mayeso a mwana wolephera. Pulintanso osaikidwa, ngakhale apa mlandu tigawane, sindinapite nayo ndipo sindinawauze mtundu wake.

Chinachitika n'choti zinthu zimenezi sizikhala mu Documents. Mafonti amakhala mu foda ya Fonts m'kati mwa Windows, za AutoCorrect, dikishonale yanga ya CUSTOM.DIC ndi Normal.dotm yomwe imasunga momwe tsamba langa limayambira zimakhala mu foda yobisika ya AppData. Iwo anakopa zooneka zokha. Munthu amene anayamba ndi funso labwino lija ndimayembekezera kuti afika mpaka kumeneko, kapena andifunse kuti ntchito yanu ndi yotani kwenikweni. Inenso sindimadziwa kuti zinthuzi zili ndi malo ake, ndimangoona ngati kompyuta inandizolowera.

Mwayi wake disiki yakale anandibwezera itakulungidwa m'nyuzipepala, sanaifomate kapena kuisunga ngati momwe ena amachitira n'kukagulitsa kwa wina. Loweruka ndinakweranso minibasi, kompyuta m'chitenje, disiki m'chikwama, kabuku ka pulinta m'manja. Ndinalowa nditakonzeka kukangana koma munthu wake sakanganika, anangovula magalasi n'kunena kuti "Pamenepo ndalakwa ndine mayi, khalani apa", n'kuchotsa pulinta pa mpando uja. Analumikizanso disiki yodwalayo, mafonti anatuluka onse kupatula ochepa omwe anali pa malo oola, AppData inatuluka bwinobwino. Nditalemba ww n'kuona kachipewa katakhala pamalo pake mtima unakhala pansi. Anandiphunzitsanso kuti pa kompyuta ya wina ndikhoza kulemba 0175 mu Word kenako Alt ndi X, ŵ imatuluka. Sanandilipiritse kalikonse ulendo wachiwiriwu, koma thiransipoti ndi tsiku la loweruka, lomwe kwa ife ndi tsiku la ndalama, palibe anandibwezera.

Tsiku lomwelo anachita chinthu chomwe ndikuona kuti ndi chimene ndinalipirira zenizeni. Zonse zitakhala m'malo, pulinta, sikana, mafonti, Word momwe ndimaifunira, anapita pa Backup and Restore n'kudina Create a system image, n'kusunga chithunzi cha Windows yonse momwe ilili pa disiki yakunja yomwe ndinabwereka kwa mwana wa achemwali anga, pano ndinagula yanga. Anandiwotcheranso CD yoyatsira. Tanthauzo lake ndi loti ikadzagwanso sitidzayambanso za ma update ndi madalaiva zija, timangobwezeretsa chithunzicho. Munthu wofuna kuti uzibwerabwera kwa iye sangakupangire zimenezi.

Pa nkhani ya intaneti sanandinyengerere. Windows 7 imabwera ndi Internet Explorer 8 yomwe masamba ambiri a masiku ano siitsegula n'komwe, Chrome inathera pa 109 kumayambiriro kwa 2023, Firefox ya Windows 7 inaima pa 115 ESR. Anandiikira Firefox yomweyo kuti ikhalepo pakafunika, koma mawu awo anali oti kompyutayi muiyese taipilaita, za ku banki ayi, kulowa mu imelo ya kasitomala ayi, mabowo atsopano akapezeka palibe amene akubwera kudzatseka. Anandikumbutsa za vairasi ya WannaCry ya mu May 2017 yomwe inatseka makompyuta mpaka a zipatala za ku Britain, inkalowa yokha kudzera pa netiweki m'makompyuta omwe sanalandire zigamba, munthu osadina kalikonse. Ndiye pano kasitomala akati CV yanga ili pa imelo kapena pa WhatsApp, amanditumizira pa foni yanga, ine n'kusamutsa ndi chingwe. Zimachedwetsa pang'ono, ena amadandaula, koma ndinazolowera. Anayesa kundikopa ndi Linux Mint, anaiyatsa kuchokera pa fulashi kuti ndione, ndi yooneka bwino ndithu ndipo imalandirabe ma update, koma mulibe Publisher ndipo makadi anga onse ali mu Publisher. Ndinati achimwene nkhuku yachikuda yokalamba siphunzira kugona m'khola latsopano, anaseka koyamba tsiku limenelo.

Mdani weniweni wa shopu ngati yanga si intaneti, ndi mafulashi. Pa tsiku ndimalandira mafulashi ndi ma memori khadi omwe ayenda m'makompyuta a ku koleji, m'mashopu owotcha nyimbo, paliponse. Ambiri amabwera ndi vairasi ija yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut, mwini wake amaona ngati zinthu zake zafufutika pamene zangobisidwa, ndipo ukadina shortcut ija ndiye wailowetsa m'nyumba. Bambo aja anatseka AutoPlay, anakonza kuti mafayilo obisika ndi michira ya mayina monga .exe, .lnk ndi .vbs zizioneka, anandipangira maakaunti awiri, ya Administrator yokhala ndi pasiwedi yomwe ndimaidziwa ndekha ndi ina wamba yogwirira ntchito tsiku ndi tsiku, moti mtsikana amene amandithandiza sangaike kalikonse popanda ine. Anaika Smadav, kobiriwira kaja, koyang'ana mafulashi, koma ananena okha kuti ndisakadalire kwambiri, maso anga ndiye oyamba. Ndipo anandilembera kamzere aka kotulutsa mafayilo obisidwa mufulashi, komwe ndinamata pa khoma ndi selotepi: attrib -h -r -s /s /d E:\*.* pomwe E ndi chilembo cha fulashiyo.

Zina ndi zanga ndekha zosafuna katswiri. Fumbi la kuno mwezi wa October simasewera, ndiye kompyuta ndinaichotsa pansi pomwe imameza chilichonse chomwe tsache ladzutsa, ili pa tebulo, ndikaweruka ndimaifunditsa chitenje koma ikamagwira ntchito ayi, imafuna mpweya. UPS yanga, kabokosi kosunga magetsi akathima, batire inafa kalekale imangokhala ngati chokongoletsa, anandiuza kuti kuzima mwadzidzidzi kuja n'kumene kunathandizira kupha disiki, ndinasintha batire ngakhale zinandipweteka m'thumba. Lachisanu lililonse ndimakopera foda ya ntchito pa disiki yakunja n'kupita nayo kunyumba. Masabata ena ndimaiwala, ndisaname.

Mtengo wawo ndi wokwera kuposa anyamata a fulashi m'thumba, ntchito yokha popanda zipangizo anandiuza pafupifupi kawiri, ndipo satsitsa, ndinayesa kulira sizinatheke. SSD ndi RAM ndiye zinadya gawo lalikulu, chitsikireni kwacha mu November 2023 chilichonse chochokera kunja ukamva mtengo umayamba wakhala pansi. Komabe zonse pamodzi sizinafike pafupi ndi mtengo wa kompyuta ina ngakhale yakale yomwe. Pa nyenyezi zisanu ndiwapatsa zinayi, imodzi ndachotsera foni yosayankhidwa ija ndi mafonti anga. Ngati muli ndi changu, ntchito yofunika mawa, musapiteko, mukwiya. Ngati kompyuta yanu ndi ya mwana woti azichitira sukulu pa intaneti, adzakuuzani okha kuti Windows 7 ayi. Koma amene muli ndi makina akale omangika ku pulinta, sikana kapena pulogalamu inayake yakale, pitani mutalemba papepala chilichonse chomwe mumagwiritsa ntchito, mafonti ndi zonse, ndipo munyamule ndi zingwe zomwe.

Papita miyezi inayi tsopano, kompyuta sinaumepo. Dzana kunabwera mtsikana wa ku koleji maso ali gwa, akuti anti asayimenti yanga yonse yapita ndipo tikupereka lero 2 koloko, mufulashi muli timivi tokhatokha. Ndinamuuza kuti usadine chilichonse, ndinayang'ana pa khoma, ndinatayipa kamzere kaja pang'onopang'ono ndi chala chimodzi kuopa kulakwitsa mipata. Foda inatulukira yopanda dzina, m'kati mwake zinthu zake zonse zili phee. Ndinafufuta ma shortcut ndi kafayilo ka .vbs komwe kanabisala pambali, ndinamupulintira masamba 14, ndinamuwonjezera K500 ya ukatswiri ndipo anapereka osawiringula, n'kuthamangira kabaza.